JOHN SCOTT RUSSELL, MMISIRI AMENE ANATHAMANGITSA FUNDE ALI PA KAVALO

Munthu wa ku Angónia kapena ku Tsangano akaimba foni kwa mbale wake amene ali ku Lisboa, mawu ake amathamanga m'kaulusi ka galasi kogona pansi pa nyanja, makilomita zikwizikwi, ndipo amakafika ali omveka. Kuti zimenezi zitheke, amisiri analimbana zaka zambiri ndi mavuto awiri: kumwazikana kwa kuwala m'njira, ndi kupotoka kwake kukakhala ndi mphamvu yochuluka. Mmodzi mwa anthu amene anaunikira njira yomvetsa mavutowa anamwalira kulibe wailesi, kulibe kompyuta. Iwo ndi malemu John Scott Russell a ku Scotland, mmisiri wopanga sitima za pamadzi, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1808 mpaka 1882.

A Russell anabadwa pa 9 Maio 1808 ku Parkhead, m'mbali mwa mzinda wa Glasgow. Dera limeneli silili kutali ndi mudzi wa Blantyre, kwawo kwa David Livingstone, kumene kunachokera dzina la mzinda wa Blantyre wa ku Malawi. Bambo awo anali m'busa, ndipo mwanayo anali wakuthwa mutu kuyambira ali wamng'ono. Anaphunzira chaka chimodzi pa yunivesite ya St Andrews, kenaka anapita ku yunivesite ya Glasgow, kumene anamaliza maphunziro akadali wamng'ono. Atatero anasamukira ku Edinburgh kukaphunzitsa masamu ndi sayansi. M'chaka cha 1832 profesa wa sayansi pa yunivesite ya Edinburgh, a John Leslie, anamwalira, ndipo a Russell, ali ndi zaka 24, anapemphedwa kugwirizira mpandowo. Koma nthawi yosankha mwini wake weniweni itakwana, udindowo unapita kwa a James David Forbes. Kuyambira pamenepo a Russell anatembenukira ku ntchito ya makina.

Ntchito yawo yoyamba yodziwika inali ya ngolo zoyenda ndi nthunzi, zopanda ng'ombe kapena kavalo. M'chaka cha 1834 ngolo zimenezi zinayamba kunyamula anthu pakati pa Glasgow ndi Paisley. Oyang'anira msewuwo sanakondwere nazo, ndipo anaunjika miyala pamsewu kuti zilephere kudutsa. M'mwezi wa Julho chaka chomwecho ngolo imodzi inachita ngozi, chimphika chake cha madzi owira chinaphulika, ndipo anthu angapo anataya miyoyo. Bwalo la milandu linaletsa ngolozo, ndipo bizinesiyo inathera pomwepo.

FUNDE LA MU NGALANDE

Patangopita mwezi umodzi chichitikireni ngoziyo, a Russell anaona chinthu chimene chasunga dzina lawo mpaka lero. Pa nthawiyo eni ake a ngalande yotchedwa Union Canal anali atawapatsa ntchito yofufuza mtundu wa bwato limene lingayende mwaliwiro mosavuta. Ngalandeyi ndi mtsinje wokumba ndi manja, wopapatiza ndi wosazama, ndipo mabwato ake ankakokedwa ndi akavalo oyenda pamtunda. Tsiku lina m'mwezi wa Agosto 1834, pafupi ndi Hermiston kunja kwa Edinburgh, bwato lokokedwa ndi akavalo awiri linaima mwadzidzidzi. Madzi amene linali kukankha kutsogolo sanaime nalo. Anaunjikana pamphuno pa bwatolo, nakhala ngati mzere umodzi wa m'munda wosalala bwino, ndipo anauyamba ulendo paokha.

Fundelo linali lotalika pafupifupi mamita 9, msinkhu wake pakati pa masentimita 30 ndi 45, ndipo linkayenda makilomita 13 kapena 14 pa ola. A Russell anakwera kavalo wawo nalitsatira m'mbali mwa ngalande. Analipeza likupitabe, osasintha maonekedwe, osachepa liwiro. Analiperekeza mtunda wa makilomita awiri kapena atatu, mpaka linazimiririka m'makona a ngalandeyo.

Aliyense amene anaponyapo mwala padziwe kapena kupalasa bwato pa Zambezi akudziwa khalidwe la mafunde. Amabwera angapo motsatana, kwina kukwera kwina kutsika, ndipo posakhalitsa amaphwa, kapena amasweka n'kuchita thovu. Funde la a Russell linali limodzi lokha, lopanda dzenje kumbuyo, ndipo silinaphwe msanga kapena kusweka. Ambiri akadangodabwa n'kupita kwawo kukadya. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anakhoma thanki la matabwa lotalika mamita 9 kuseri kwa nyumba yawo, nayamba kupanga mafunde oterewa mobwerezabwereza, akuyeza ndi wotchi.

Zimene anapeza anazilemba mu lipoti limene anapereka ku msonkhano wa akatswiri a sayansi ku York m'chaka cha 1844. Anaonetsa kuti liwiro la fundeli limadalira kuya kwa madzi pamodzi ndi msinkhu wa fundelo, kotero kuti lalitali limathamanga kuposa lalifupi. Anaonetsanso kuti madzi akakankhidwa ochuluka kwambiri amagawikana n'kukhala mafunde awiri kapena atatu, lalikulu patsogolo, ang'onoang'ono pambuyo. Chodabwitsa china n'chakuti mafunde awiri oterewa akakumana amapyolana, lililonse n'kupitiriza ulendo wake lili bwinobwino.

Akuluakulu a masamu a nthawi imeneyo sanavomereze. A George Airy, amene anali mkulu woona za nyenyezi ku Greenwich, ndiponso a George Stokes a ku Cambridge, anali ndi masamu awo onena za mafunde, ndipo masamuwo sanali kupereka malo kwa funde lotha kuyenda mtunda wautali osasintha. Popeza mawu a anthu awiriwa anali olemera, nkhani ya a Russell inaikidwa pambali kwa zaka pafupifupi 30. Kunali m'ma 1871 ndi 1872 pamene Mfalansa wina, a Joseph Boussinesq, anatsimikiza ndi masamu kuti fundeli ndi loona, ndipo a Lord Rayleigh anapeza chimodzimodzi mu 1876. Mu 1895 akatswiri awiri a ku Holland, a Korteweg ndi a de Vries, analemba masamu amene ophunzira akugwiritsabe ntchito pofotokoza fundeli.

Chinsinsi chake n'chakuti m'funde limeneli mukukokana mphamvu ziwiri. Yoyamba imafuna kulimwaza: funde lililonse ndi gulu la timafunde tambiri, tina tatitali tina tatifupi, ndipo pamadzi tatitali timathamanga kusiya tatifupi, choncho gulu limatambasuka n'kuphwa. Yachiwiri imafuna kuliunjika: pamadzi osaya, nsonga ya funde imayenda msanga kuposa tsinde lake, choncho fundelo limaweramira kutsogolo kufuna kusweka. Iliyonse mwa mphamvuzi payokha imaononga funde. Koma zikalingana bwinobwino, ina imafafaniza ntchito ya inzake, ndipo fundelo limayenda lili chimodzimodzi.

SITIMA YAIKULU NDI MKANGANO WAKE

Pa moyo wawo a Russell sanatchuke ndi funde ayi, koma ndi sitima. Anagwira ntchito pamalo opangira sitima ku Greenock, ndipo anayambitsa kapangidwe ka mphuno ya sitima yosongoka ndi yolowa m'kati, yoti izing'amba madzi mosataya mphamvu yambiri. Mu 1844 anasamukira ku London. Kumeneko anakhala mlembi wa bungwe la Society of Arts, anathandiza kukonza chionetsero chachikulu cha zamalonda ndi zamakina cha mu 1851, ndipo anakhala ndi malo awoawo opangira sitima ku Millwall, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames.

Ku Millwall ndi kumene kunamangidwa Great Eastern, sitima yachitsulo yotalika mamita 211, yokonzedwa kuti inyamule anthu 4,000. Maganizo a sitimayi anachokera kwa injiniya wotchuka a Isambard Kingdom Brunel, ndipo a Russell anathandiza kujambula thupi lake, napanga injini zoyendetsa mawilo ake opalasira madzi, natenganso kontrakiti yoimanga. Ntchito inayamba mu 1854. Anthu awiriwa anayamba ngati mabwenzi, koma ndalama zinawadanitsa. Mtengo umene a Russell anavomera unali wochepa poyerekeza ndi kukula kwa ntchito, a Brunel ankafuna kuona chilichonse ndi kulamula chilichonse, ndipo mu 1856 a Russell anagwa m'ngongole, ntchito n'kuima kwa kanthawi.

Kuitsitsira m'madzi kunalinso chintchito. Anayamba kuikankha cham'mbali pa 3 Novembro 1857, koma inakana kusuntha bwino, ndipo inayandama pa 31 Janeiro 1858, patapita pafupifupi miyezi itatu. A Brunel anamwalira mu Setembro 1859, masiku ochepa kuchokera pamene pa sitimayo panachitika ngozi ya kuphulika pa ulendo woyeserera. Olemba mbiri sagwirizana za amene anali wolakwa pa mkanganowo. Buku la a L. T. C. Rolt la mu 1957 linaika mlandu pa a Russell, pamene la a George Emmerson la mu 1977 linawaikira kumbuyo. Chimene palibe amatsutsa ndi kulimba kwa sitimayo. Mu 1862 inagunda thanthwe pafupi ndi New York n'kung'ambika mamita pafupifupi 25, koma chifukwa inali ndi makoma awiri achitsulo inakafika padoko osamira. Panapita zaka zoposa 40 kuti papezeke sitima ina yoiposa kutalika.

Pa malonda onyamula anthu Great Eastern inaluzitsa eni ake. Ntchito imene inaiyenera inali yoyala nthambo ya telegalafu pansi pa nyanja, chifukwa ndi iyo yokha imene ikanatha kusenza nthambo yonse yowoloka Atlantic paulendo umodzi. Mu 1865 nthambo inaduka pakati pa nyanja, koma mu Julho 1866 sitimayo inafikitsa nthambo ina kuchokera ku Ireland mpaka ku Newfoundland. Nthambo za mkuwa za nthawi imeneyo zinali kale ndi vuto la kumwazikana kwa uthenga. Kamphamvu ka magetsi kotumizidwa kali kakafupi kankafika kutsidya katatambasuka, n'kulowana ndi kotsatira. Pa nthambo yoyamba ya mu 1858, uthenga wa Mfumukazi Victoria wa mawu osakwana 100 unatenga maola pafupifupi 16 kuti uwoloke. Nthambo za mtundu umenewu zinafika ku Ilha de Moçambique ndi ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, m'chaka cha 1879.

Zaka zotsiriza za a Russell zinali zosakaniza ulemu ndi manyazi. Anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Institution of Naval Architects mu 1860, ndipo mu 1865 anatulutsa buku lalikulu la kapangidwe ka sitima. Anajambula sitima yowolotsa mabogi a njanji pa nyanja ya Constance, ndiponso denga lozungulira la chionetsero cha ku Vienna cha mu 1873, lotambasuka mamita oposa 100. Koma mlandu wa ndalama zogulira mfuti zikuluzikulu pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku America unadetsa dzina lawo, mpaka anachoka m'bungwe la Institution of Civil Engineers. Anamwalira pa 8 Junho 1882 ku Ventnor, pa chilumba cha Isle of Wight, chuma chitawathera. Funde lija sanalisiye mpaka imfa. Buku lawo lomaliza, limene linatuluka mu 1885, linayesa kufotokoza mpweya wa mumlengalenga ndi kukula kwa thambo pogwiritsa ntchito funde lomwelo, ndipo pamenepo anapyola malire a zimene anali ataziyeza.

FUNDE LILOWA M'GALASI

Nkhaniyi inagona zaka zambiri. Mu 1965 akatswiri awiri a ku America, a Norman Zabusky ndi a Martin Kruskal, anayesa masamu a Korteweg ndi de Vries pa kompyuta, ndipo anaona zomwe a Russell anaona m'thanki la matabwa: mafunde opyolana osaonongeka. Anawapatsa dzina lakuti soliton. Chaka chotsatira a Charles Kao ndi a George Hockham ku England anaonetsa kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula kuwala mtunda wautali, ndipo mu 1970 kampani ya Corning inapanga ulusi woyamba woterewu.

Ulusi wa galasi, umene ambiri amautcha fibra, ndi woonda ngati tsitsi la munthu, ndipo njira ya kuwala pakati pake ndi yocheperatu. Uthenga umasandutsidwa timphaliwali ta kuwala kwa laser, tambirimbiri pa sekondi imodzi, tothamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Ngakhale galasi labwino limamwa kuwala pang'onopang'ono, kotero kuti pa makilomita 15 aliwonse theka limakhala litatayika. Pachifukwa ichi amaika makina owonjezera mphamvu pa makilomita 50 mpaka 100 aliwonse. Makina otere, ogwiritsa ntchito ulusi wothiridwa chitsulo chosowa chotchedwa erbium, anatulukira mu 1987. Iwo amabwezeretsa mphamvu, koma sakonza maonekedwe a kamphaliwali, choncho zolakwika zimaunjikana ulendo wonse.

Vuto loyamba ndi kumwazikana. Kamphaliwali kalikonse kali ndi mitundu ya kuwala yosiyana pang'ono, ndipo m'galasi mitunduyi siyenda liwiro limodzi. Zili ngati ng'ombe za makola osiyana zikupita kudibi: zikamanyamuka, gulu lililonse lili palokha, koma njira ikatalika zothamanga zimatsogola, zofooka zimatsalira, mpaka zotsogola za khola lapambuyo zimasakanikirana ndi zotsalira za khola lapatsogolo. Wolandira uthenga sathanso kusiyanitsa kamphaliwali kena ndi kanzake.

Vuto lachiwiri limabwera munthu akafuna kuthandiza poonjezera mphamvu. Kuwala kwamphamvu kumasintha khalidwe la galasi lomwe kukudutsamo, ndipo galasilo nalo limapotoza kuwalako. Zimenezi zimatchedwa ndi dzina la a John Kerr, mphunzitsi wa ku Glasgow amene mu 1875 anapeza kuti mphamvu ya magetsi imasintha mmene kuwala kumadutsira m'galasi. Zikufanana ndi wailesi imene yakwezedwa mopitirira: phokoso limakula, koma mawu amasasa n'kusamveka. Mu ulusi umodzi mukamayenda mauthenga ambiri pa mitundu yosiyana ya kuwala, kupotoza kumeneku kumachititsanso kuti uthenga wina ulowerere mnzake.

Mu 1973 a Akira Hasegawa ndi a Fred Tappert a ku Bell Laboratories anazindikira kuti mavuto awiriwa ndi ofanana ndi mphamvu ziwiri zija za mu ngalande, ndipo angathe kugwetsana okhaokha. Kamphaliwali kakapatsidwa mphamvu ndi maonekedwe oyenera, galasi limachedwetsa kuwala kwa kutsogolo n'kufulumizitsa kwa kumbuyo, monga abusa awiri, wina wotchinga zotsogola, wina wokusa zotsalira. Mu 1980 a Linn Mollenauer, a Roger Stolen ndi a James Gordon anaona soliton yoyamba mu ulusi wa galasi, ndipo mu 1988 a Mollenauer ndi mnzawo anaiyendetsa makilomita oposa 4,000 isanaonongeke. M'chaka chomwecho nthambo yoyamba ya galasi yowoloka Atlantic, yotchedwa TAT-8, inayamba kugwira ntchito.

Soliton yeniyeni siinakhale njira yaikulu ya makampani a mafoni. Inali ndi zovuta zake, makamaka poti phokoso la makina owonjezera mphamvu linkaichititsa kufika mofulumira kapena mochedwa pang'ono. M'zaka za m'ma 1990 amisiri anatenga njira yolumikiza maulusi amitundu iwiri mosinthanasinthana, wina womwaza kuwala, wina wokusonkhanitsanso. Anaphunziranso kuti kumwazikana pang'ono n'kothandiza, chifukwa mauthenga oyenda liwiro losiyana sakhalitsa pamodzi, ndipo sapeza mpata woonongana. Kuyambira cha m'ma 2010 nthambo zatsopano zambiri zimalola kuwala kumwazikana njira yonse, kenaka makina a kompyuta kumapeto amawerengera n'kubwezeretsa uthenga monga unanyamukira. Kupotoka kobwera ndi mphamvu yochuluka ndiko kukuvutabe, ndipo ndiko kumaika malire a mauthenga amene ulusi umodzi unganyamule. Choncho amisiri amayeza mphamvu mosamala, isachepe kuti phokoso lingaimize, isachulukenso kuti galasi lingaipotoze. Pa ntchito yonseyi masamu amene amagwiritsa ntchito ndi a banja limodzi ndi aja ofotokoza funde la ku Hermiston.

Kuno ku Moçambique nthambo ya galasi ya pansi pa nyanja ya SEACOM inafika ku Maputo mu 2009, ndipo mu 2010 kunafikanso EASSy. Kuchokera kugombe, nthambo zina zimayenda pamtunda m'mbali mwa misewu mpaka ku Tete ndi kumalire, kukalumikiza nsanja za mafoni. Nthambo ikadulidwa ndi khasu kapena kutenthedwa ndi moto wa tchire, ndi ulusi woonda womwewu umene umaduka, ndipo dera lonse limakhala lopanda foni.

Pa 12 Julho 1995 akatswiri a sayansi amene anali pa msonkhano ku yunivesite ya Heriot-Watt anasonkhana pa mlatho wodutsa madzi a Union Canal pamwamba pa msewu waukulu wa ku Edinburgh. Anathamangitsa bwato, naliimitsa mwadzidzidzi, ndipo funde limodzi losalala linanyamuka n'kumapita lokha m'ngalandemo, anthu akuomba m'manja. Panali patapita zaka 161 kuchokera tsiku lija la kavalo. Mlatho umenewo umatchedwa Scott Russell Aqueduct.